Mafunso ndi mayankho: Kodi mapointi a ndege ndi makhadi a ku banki angatsitsedi mtengo wa ulendo kwa munthu wa ku Salima?

Kwa zaka zingapo ndakhala ndikukonza maulendo a anthu ogwira ntchito m'mabungwe kuno ku Salima, ndipo chifukwa cha ntchito imeneyi abale ndi anansi, makamaka amene ali ndi ana ku Joni, ochita malonda ndiponso amene akukonzekera ulendo wa Haji, amabwera kudzandifunsa za nkhani imene amaimva pa intaneti yoti kuli anthu amene amakwera ndege ulere. Nkhaniyo si yabodza, koma zambiri zimene zimalembedwa zinakonzedwera anthu a ku America ndi ku Ulaya, amene malipiro awo, mabanki awo ndi mphamvu ya ndalama zawo n'zosiyana kwambiri ndi zathu. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ndimafunsidwa kawirikawiri.

Kodi mapointi kapena mamailosi amenewa ndi chiyani kwenikweni?

Ndi basera. Mayi wogulitsa mpunga kapena usipa pa Kamuzu Road akakuwonjezerani kadzanja pamwamba pa mbale imene mwagula, cholinga chake n'chakuti mawa mudzabwererenso kwa iye, musapite kwa mnzake wa pambali. Makampani a ndege amachita chimodzimodzi, kungoti basera lawo salipereka pompo. Amalilemba m'kaundula wa dzina lanu ngati mamailosi, ndipo akachuluka mumatha kuwasinthanitsa ndi tikiti, ndi mpando wa kutsogolo kwa ndege, kapena ndi chilolezo chonyamula katundu wowonjezera. Njira imeneyi inafala kuyambira mu 1981 pamene kampani ya American Airlines inakhazikitsa dongosolo lake lotchedwa AAdvantage, ndipo pambuyo pake mahotela ndi mabanki anatengera.

Mamailosi si ndalama zanu. Ndi lonjezo la kampani, ndipo kampaniyo ili ndi ufulu wosintha malamulo ake, kukweza chiwerengero chofunika pa tikiti imodzi, kapena kufafaniza mamailosi amene akhalitsa.

Ndi makampani ati amene munthu wonyamukira ku Lilongwe angalembetse nawo?

Ambiri a ife timanyamukira pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Salima kudzera mumsewu wa M14, choncho n'kwanzeru kuyang'ana makampani amene ndege zawo zimatera pamenepo. Ethiopian Airlines ili ndi dongosolo lotchedwa ShebaMiles, ndipo kampaniyi ili ndi magawo 49 pa 100 alionse a Malawi Airlines, pomwe magawo 51 ndi a boma la Malawi; mukakwera Malawi Airlines muziperekanso nambala yanu ya ShebaMiles. Kenya Airways ili ndi Asante Rewards, imene inayamba mu 2023, ndipo Airlink ya ku South Africa ili ndi Skybucks.

Makampani ambiri akuluakulu ali m'magulu a mgwirizano, ndipo apa ndi pamene pagona phindu. Ethiopian Airlines inalowa m'gulu la Star Alliance mu 2011, gulu limene mulinso Lufthansa, Turkish Airlines, EgyptAir, United ndi South African Airways. Kenya Airways ili m'gulu la SkyTeam limodzi ndi KLM ndi Air France. Tanthauzo lake n'lakuti munthu amene ali ndi nambala ya ShebaMiles akakwera Turkish Airlines safunika kutsegula akaunti ina; amapereka nambala yomweyo ndipo mamailosi amalowa m'thumba limodzi. Ndaona anthu ali ndi maakaunti anayi, iliyonse ili ndi timamailosi tosakwanira kugula kanthu, pomwe akanawaunjika pamodzi akanapeza tikiti ya ku Johannesburg.

Kodi kulembetsa kumafuna ndalama?

Ayi. Mumalembetsa ulere pa webusaiti ya kampani kapena pa apu ya pafoni, ndipo nambala imabwera nthawi yomweyo. Lembani dzina monga momwe lilili pa pasipoti, chilembo ndi chilembo, chifukwa ngati pasipoti ikuti Yusuf pomwe akaunti ikuti Yusufu, kompyuta imawaona ngati anthu awiri ndipo mamailosi salowa.

Ndikakwera ndege kamodzi, ndimapeza mamailosi angati, ndipo ndi ofanana ndi ndalama zingati?

Funso ili ndi limene limathetsa maloto a anthu ambiri, koma ndi lofunika kuposa onse. Kuchokera ku Lilongwe kupita ku Johannesburg ndi mtunda wa mamailosi opitirira pang'ono 900, ku Nairobi ndi pafupifupi 900, pomwe ku Addis Ababa ndi pafupifupi 1,600. Wina angaganize kuti ulendo wopita ndi kubwerera ku Joni umamupatsa mamailosi 1,800, koma sizikhala choncho nthawi zonse. Tikiti iliyonse ili ndi chilembo chimodzi chosonyeza gulu la mtengo wake, monga Y, M kapena Q, ndipo anthu awiri okhala moyandikana m'ndege imodzi akhoza kukhala ndi zilembo zosiyana. Amene anagula tikiti yodula amalandira mamailosi onse a mtundawo, amene anagula yotsika mtengo amalandira theka kapena gawo limodzi la magawo anayi, ndipo matikiti ena a mtengo wapadera sapereka kalikonse. Makampani ena anasiyiratu kuwerengera mtunda, amangowerengera ndalama zimene mwalipira.

Pa nkhani ya mtengo wake, akatswiri owerengera zimenezi amaika mailosi imodzi pa senti imodzi ya dola ya ku America kapena kupitirirapo pang'ono. Choncho mamailosi 1,800 ndi ofanana ndi madola pafupifupi 18, ndipo ngati tikiti yanu inali ya theka, basera lanu ndi madola 9. Si ndalama zoti munthu n'kuzinyoza, koma si ndalama zoti n'kusinthira mapulani a ulendo.

Amene amapinduladi ndi oyenda maulendo ataliatali mobwerezabwereza. Munthu wokapikula katundu ku Guangzhou ku China kudzera ku Addis Ababa amayenda mamailosi oposa 13,000 pa ulendo umodzi wopita ndi kubwerera, ndipo akayenda katatu kapena kanayi pa chaka amayamba kukwera magiredi a umembala, amene ku ShebaMiles ndi Silver, Gold ndi Platinum. Kwa munthu wamalonda, phindu lalikulu la giredi ya Gold si chipinda chopumiramo cha pabwalo la ndege ayi, koma chilolezo chonyamula chikwama china popanda kulipira, chifukwa mtengo wa katundu wopitirira muyezo ndi umene umadya phindu la geni.

Nanga ndi bwino kugula tikiti yodulirapo kuti ndipeze mamailosi?

Pafupifupi nthawi zonse ayi. Yerekezani kuti kampani imene muli nayo akaunti ikugulitsa tikiti ya ku Johannesburg pa mtengo wokwera ndi madola 60 poyerekeza ndi kampani ina. Mukaisankha chifukwa cha mamailosi, ndiye kuti mwapereka madola 60 kuti mulandire basera la madola 18 kapena kucheperapo, limenenso simungaligwiritse ntchito mpaka litachuluka. Mamailosi azikhala chinthu chomaliza kuchiyang'ana, pambuyo pa mtengo, kulemera kwa katundu wololedwa ndi nthawi imene ndege ikutera. Nthawi yoterayi anthu a m'tauni saiganizira, koma kwa ife ndi ndalama: ndege yofika madzulo imakukakamizani kugona ku Lilongwe kapena kuchita hayala galimoto, pomwe yofika masana imakupatsani mpata wokwera minibasi n'kukagona kwanu, ngakhale kwanuko kutakhala ku Nkhotakota kapena ku Dwangwa.

Ndikapeza tikiti ya mamailosi, ndiye kuti sindilipira kalikonse?

Mumalipirabe. Mamailosi amaphimba mtengo wa mpando wokha, koma misonkho ya maboma, ndalama za mabwalo a ndege ndiponso ndalama zina zimene makampani ena amawonjezera m'dzina la mafuta zimafuna ndalama zenizeni, ndipo pa maulendo a m'kati mwa Africa misonkho imeneyi imatenga gawo lalikulu la mtengo wa tikiti. Musanasangalale, yerekezerani ndalama zimene akukuuzani kuti muwonjezere ndi mtengo wa tikiti wamba wa tsiku lomwelo. Kusiyana kwa ziwirizo ndiye mtengo weniweni wa mamailosi anu.

Vuto lachiwiri ndi la malo. Ndege iliyonse imakhala ndi mipando yochepa yopatulidwira anthu a mamailosi, ndipo mu Disembala, pamene aliyense wa ku Joni akufuna kubwera kumudzi, mipandoyo imatha miyezi ingapo tsiku lisanafike.

Ndimawerenga kuti anthu amapeza matikiti aulere pongogula zinthu ndi khadi la ngongole. Kodi zimenezi zingatheke kuno?

Tiyambe tasiyanitsa makhadi awiri amene anthu amawasokoneza. Khadi limene ambiri tili nalo, lija timatapira ndalama pa ATM, limatenga ndalama zanu zomwe zili mu akaunti, ngakhale litalembedwa Visa kapena Mastercard. Khadi la ngongole ndi losiyana: banki imakulipirirani, kenako imakutumizirani bilu pakutha pa mwezi. Nkhani za matikiti aulere zimakhudza khadi lachiwirili, ndipo kuno kwathu makhadi otere ndi ochepa, amaperekedwa makamaka kwa anthu a malipiro okhazikika ndi okwera.

Ku America mabanki amatha kupereka mapointi ambirimbiri chifukwa nthawi iliyonse munthu akalipira ndi khadi, mwini sitolo amadulidwa ndalama pang'ono, ndipo gawo lina la ndalamazo limapita ku banki imene inapereka khadilo. Kumeneko munthu amagula chilichonse ndi khadi, kuyambira buledi mpaka mafuta a galimoto. Kuno chimanga, nsomba, makala, lendi ndi fizi timalipira ndi ndalama zapamanja kapena kudzera pa Airtel Money ndi TNM Mpamba, choncho ngakhale mutakhala ndi khadi lopatsa mapointi, malo oligwiritsa ntchito m'boma la Salima ndi owerengeka.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chiwongoladzanja. Mu 2024 Reserve Bank of Malawi inakweza chiwongoladzanja chake chotsogolera kufika pa 26 peresenti, ndipo ngongole za anthu wamba m'mabanki zimakhala zokwera kuposa pamenepo. Tiyerekeze kuti mwagula tikiti ya K1,000,000 ndi khadi limene limabweza 1 peresenti ngati mapointi. Basera lanu ndi K10,000, lolandira kamodzi kokha. Ngati simunabweze ngongoleyo mwezi womwewo ndipo chiwongoladzanja ndi 30 peresenti pa chaka, mukulipira pafupifupi K25,000 mwezi uliwonse, moti pasanathe milungu iwiri basera lija limakhala litadyedwa, ndipo kuyambira pamenepo ndinu amene mukupatsa banki mphatso. Onjezeraniponso ndalama za pachaka zimene makhadi ambiri otere amalipiritsa. Khadi la ngongole limapindulira munthu mmodzi yekha, amene ali kale ndi ndalama zonse mu akaunti ndipo amalipira bilu yonse tsiku lake lisanakwane, mwezi ndi mwezi, osaphonya. Amene akungolipira kagawo kochepa kamene banki imalemba pa bilu kuti ndiko kochepetsetsa kololedwa pamwezi ali pa ngongole yosasiyana kwenikweni ndi katapila, kungoti yavala suti.

Mwana wanga amagwira ntchito ku South Africa ndipo ali ndi akaunti ku banki ya kumeneko. Kodi angatithandize ndi mapointi ake?

Angathe, ndipo kwa mabanja ambiri a m'mbali mwa nyanja imeneyi ndiyo njira yooneka yotheka. Mabanki a ku South Africa ali ndi madongosolo okhazikika a mapointi: FNB ili ndi eBucks, Standard Bank ili ndi UCount, Nedbank ili ndi Greenbacks, ndipo Absa ili ndi Absa Rewards. Ku FNB, ma eBucks 10 ndi ofanana ndi randi imodzi, ndipo munthu amatha kuwagwiritsa ntchito pogula tikiti ya ndege. Popeza kumeneko zakudya za m'sitolo, mafuta ndi mayunitsi zimalipiridwa ndi khadi, mapointi amaunjikana pa zinthu zimene munthu akanagula kale. Makampani ambiri a ndege amalolanso mwini mamailosi kudulira tikiti munthu wina, choncho mwana angadulire mayi ake tikiti yopita kukamuona kapena kukaonana ndi dokotala. Chimene saloleza ndi kugulitsa mamailosi kwa mlendo. Akazindikira amatseka akaunti ndi kufafaniza tikitiyo, nthawi zina wokwerayo ali kale pabwalo la ndege.

Ulendo wanga walipiridwa ndi ofesi. Mamailosi ndi a ndani?

Kampani ya ndege imawalemba m'dzina la amene wakwera, osati la amene walipira. Komabe mabungwe ena ali ndi malamulo awo pa nkhaniyi, choncho funsani a ku ofesi yoyang'anira antchito. Ngati akulola, perekani nambala yanu kwa wokonza ulendo asanadule tikiti. Chimene sindigwirizana nacho ndi kukakamiza ofesi kugula tikiti yodula n'cholinga choti inu mupeze mamailosi, chifukwa ndalamazo zinaperekedwa kuti zikagwire ntchito kumudzi.

Nanga a ulendo wa Haji kapena Umra?

Ulendo wochokera ku Lilongwe kupita ku Jeddah kudzera ku Addis Ababa ndi kubwerera ndi wa mamailosi pafupifupi 5,000, choncho kulembetsa n'koyenera. Dziwani kuti matikiti ogulidwa pagulu amakhala a mtengo wapadera umene kawirikawiri umapereka mamailosi ochepa kapena osapereka n'komwe. Funsani okonza ulendowo chilembo cha tikiti, koma musachoke pagulu chifukwa cha mamailosi, pakuti kutsika mtengo kwa tikiti ya pagulu n'kwakukulu kuposa basera lililonse.

Kodi ndingasunge mamailosi kwa zaka zambiri mpaka atakwana ulendo wa ku London?

Sindikulangizani kutero, ndipo ndikunena izi nditapsa chala. Ndinasunga mamailosi kwa zaka zingapo ku kampani ina ndi cholinga chodzatengera amayi ulendo wawo woyamba wa pandege, koma tsiku limene ndinatsegula akaunti kuti ndidule tikiti ndinapeza kuti gawo lalikulu linafafanizidwa miyezi iwiri m'mbuyomo. Makalata ochenjeza anali atatumizidwa ku adiresi ya imelo ya ntchito imene ndinali nditasiya. Ulendowo tinaupangabe, koma ndi ndalama zimene ndinasungira malata a nyumba.

Madongosolo ambiri amaika malire a zaka ziwiri kapena zitatu. Ena amawerengera kuchokera tsiku limene mailosi iliyonse inalowa, pomwe ena amangofuna kuti akaunti izigwiritsidwa ntchito nthawi ndi nthawi. Kupatula kutha kwake, makampani amakwezanso chiwerengero cha mamailosi ofunika pa tikiti, ndipo ife amene tinaona kwacha ikugwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tikudziwa mmene zimawawira kudzuka m'mawa n'kupeza kuti zimene unasunga zachepa usiku umodzi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Mamailosi akakwana ulendo waufupi umene mukufunikiradi, agwiritseni ntchito. Lembetsani ndi imelo yanuyanu, osati ya ku ofesi, ndipo muzitsegula akauntiyo kamodzi pa miyezi itatu.

Ndinaiwala kupereka nambala yanga pogula tikiti. Ndataya?

Simunataye. Mungaipereke pa kauntala popereka katundu, ndipo ngakhale mutabwerako kale, makampani ambiri amalola kupempha mamailosi osowa pa webusaiti yawo pasanathe miyezi ingapo. Amafuna nambala ya tikiti ya manambala 13 ndi kapepala kokwerera ndege kaja, choncho musakataye mpaka mutaona kuti mamailosi alowa. Kukajambula pafoni n'kokwanira.

Ndikakhala kunja, kodi pali njira yochepetsera ndalama zimene khadi langa limadulidwa?

Ilipo, ndipo imapulumutsa ndalama zambiri kuposa mapointi. Musananyamuke, pitani ku banki yanu mukafunse zinthu zitatu: ngati khadi lanu latsegulidwa kuti ligwire ntchito kunja, malire a ndalama zimene mungagwiritse ntchito, amene chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja m'dziko muno amakhala otsika ndipo amasinthasintha, ndiponso peresenti imene banki imadula pa kugula kulikonse kwa kunja. Mukafika uko, makina olipirira kapena ATM akakufunsani ngati mukufuna kulipira mu ndalama ya dzikolo kapena mu ndalama ina monga dola, sankhani ya dzikolo, kaya ndi randi kaya ndi shilingi. Mukasankha inayo, kusinthako kumachitidwa ndi kampani ya makinawo pa mtengo wake wokwera, kenako banki yanu imadzasinthanso kupita ku kwacha, ndiye kuti mwadulidwa kawiri. Potapa ndalama pa ATM ya kunja, kutapa kamodzi ndalama zokwanira masiku angapo n'kotchipa kuposa kutapa pang'onopang'ono, chifukwa kutapa kulikonse kuli ndi mtengo wake.

Mahotela nawo ali ndi mapointi?

Mahotela a makampani akuluakulu a padziko lonse ali nawo, monga dongosolo la Marriott Bonvoy limene limagwira ntchito pa Protea Hotel Ryalls ku Blantyre, ndipo kawirikawiri mapointiwo amalowa pokhapokha mutasungitsa chipinda mwachindunji ku hotelayo. Kwa malo ogona a ku Senga Bay kapena ku Nkhotakota, kuimba foni n'kufunsa mtengo wa nzika za dziko lino, kapena wa masiku a m'kati mwa sabata, kumatsitsa mtengo kuposa mmene mapointi angachitire.

Ife amene timayenda pa minibasi, pa Sienta, pa kabaza kapena pa sitima ya Ilala, kodi nkhaniyi ikutikhudza?

Mapointi olembedwa m'kompyuta kulibe pa maulendo amenewa, ndipo sindikufuna kukunamizani kuti alipo. Chimene chilipo ndi kudziwana: dalaivala amene mumakwera naye sabata iliyonse popita kukapikula ku Lilongwe amakutsitsirani mtengo wa katundu ndipo amakusungirani malo. Nkhani ya mamailosi idzakukhudzani tsiku limene mudzakwere ndege, ngakhale kamodzi kokha, ndipo popeza kulembetsa n'kwaulere, dzalembetseni musanadule tikiti.

Ndalandira uthenga pafoni woti mapointi anga atsala pang'ono kutha ndipo nditumize nambala yachinsinsi kuti ndiwapulumutse. Nditani?

Musatumize, ndipo musatsegule linki imene yabwera ndi uthengawo. Palibe banki kapena kampani ya ndege imene imafunsa PIN yanu, manambala atatu a kumbuyo kwa khadi, kapena nambala ya kanthawi imene imabwera pa SMS mukamalipira. Akuba amadziwa kuti mawu akuti mapointi akutha amachititsa munthu phuma, ndipo amene sanakwereko ndege amauzidwa kuti wapambana tikiti koma ayambe watumiza ndalama ya msonkho pa foni. Ngati mukukayika, tsegulani nokha apu kapena webusaiti ya kampaniyo n'kuona mmene akaunti yanu ilili, kapena imbani nambala yolembedwa kumbuyo kwa khadi lanu. Ngati mwapereka kale manambalawo, imbirani banki nthawi yomweyo kuti itseke khadi, ngakhale utakhala usiku, kenako mukanene kupolisi ndipo musafufute uthengawo chifukwa ndi umboni.